Mmene mungaphunzitsire ana a Sitandade 5 mpaka 8 kumvetsa nkhani

Mphunzitsi aliyense amene wagwirapo choko m'makalasi akuluakulu a pulayimale amamudziwa mwana uja amene amawerenga mokweza mosadodoma, mawu akutuluka bwinobwino ngati muulutsi wa pa wailesi, koma mukatseka buku n'kumufunsa kuti nkhaniyo ikukamba za chiyani, amangoti kakasi, maso ali kudenga. Mwana wotereyu si waulesi ndipo si wopanda nzeru. Anaphunzitsidwa kutchula mawu, koma palibe amene anamuonetsapo zimene munthu amachita m'mutu mwake pamene akuwerenga. Ndondomeko ya boma yophunzitsira kuwerenga, imene inayamba m'chaka cha 2016 ndipo imakhudza Sitandade 1 mpaka 4, imamanga maziko a maliwu, maphatikizo ndi kuwerenga mosajejema, ndiye mwana akafika Sitandade 5 ambirife timangoganiza kuti ntchito inatha kale kumunsiko. Chikhalirecho, m'kalasi imeneyi ndi mmene nkhani zimayamba kutalika, ndipo mabuku a maphunziro onse kupatula Chichewa amakhala m'Chingerezi.

Kuno ku Mzuzu katunduyu amalemera kuposa pamenepa. Mwana wochokera ku Chibavi, ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa kawirikawiri amadzuka m'nyumba yolankhula Chitumbuka, wina Chitonga, wina Chinkhonde, ndipo akafika pasukulu amayenera kumvetsa nkhani m'Chichewa ndi m'Chingerezi, zinenero zimene mwina amazimva bwino pamsika koma sanazizolowere zikakhala papepala. Malangizo otsatirawa ndawalemba poganizira kalasi yotereyi, yodzaza, ya mabuku ochepa, ndipo onse atsamira pa mfundo imodzi: kufunsa mafunso kumapeto kwa nkhani ndi kuyesa mwana, si kumuphunzitsa. Katswiri wina wa ku America, Dolores Durkin, atakhala m'makalasi n'kumaonerera aphunzitsi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, anapeza kuti nthawi imene ankaphunzitsadi kumvetsa nkhani sinkakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a nthawi ya phunziro la kuwerenga. Nthawi yambiri inkathera pa kufunsa ndi kuchonga. Amene waphunzitsapo kuno kwathu sangadabwe nazo.

Choyamba, fufuzani pamene pagona vuto

Musanayambe njira ina iliyonse, dziwani chimene chikumulepheretsa mwana aliyense, chifukwa ana awiri akhoza kulakwa funso limodzi pa zifukwa zosiyana kotheratu. Itanani mwana mmodzi patebulo panu pamene anzake akulemba ntchito, mumupatse ndime imodzi yochokera m'buku la kalasi yake, awerenge mokweza kwa mphindi imodzi, kenako mumufunse kuti akuuzeni zimene wamva m'mawu akeake. Mukatero, muwerengereni inuyo ndime ina yofanana nayo kutalika, iye akungomvetsera, ndipo mumufunsenso chimodzimodzi. Mwana amene wafotokoza bwino zimene mwamuwerengera koma walephera pa zimene wawerenga yekha, vuto lake lili pa kutchula mawu, mphamvu zake zonse zikuthera pa kulimbana ndi zilembo. Ameneyu amafunika kuwerenga ndime zofewa mobwerezabwereza ndi mnzake. Koma amene walephera ponse pawiri akusowa mawu a chinenerocho kapena sakudziwa zinthu zimene nkhaniyo ikukamba, ndipo kumuwerengetsa mokweza kambirimbiri sikungamuthandize. Ngati muli ndi ana 80 ndipo mukuona asanu patsiku, m'masiku 16 a sukulu mudzakhala mutawadziwa onse. Lembani zimene mwapeza kumapeto kwa kope lanu la mapulani, chilembo chimodzi pa dzina lililonse chikukwanira.

Chachiwiri, sankhani nkhani yaifupi

Pophunzitsa luso latsopano, nkhani ya ndime imodzi kapena ziwiri imaposa ya masamba atatu. Mabuku a ophunzira ochokera ku Malawi Institute of Education ku Domasi ndiwo poyambira, koma mukhoza kudulanso nkhani m'nyuzipepala zakale, monga gawo la Tamvani la mu Weekend Nation kapena nyuzipepala ya Fuko imene imalembedwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, ndipo laibulale ya National Library Service ya mumzinda muno ili ndi mabuku a ana amene mungakoperemo ndime. Ngati mabuku sakukwanira, lembani nkhaniyo pabolodi ana asanalowe, kapena kuseri kwa kalendala yakale, ndipo muike nambala kumayambiriro kwa mzere uliwonse. Manambalawa adzagwira ntchito yaikulu kutsogoloku.

Chachitatu, konzani mitu ya ana asanawerenge

Mphindi zisanu zoyambirira zikhale zodzutsa zimene ana akudziwa kale. Lembani mutu wa nkhani, afunseni zimene akudziwa pa mutuwo ndi zimene akuganiza kuti apezamo, ndipo mulole wina ayankhe m'Chitumbuka ngati mawu a Chichewa kapena a Chingerezi amuthawa, kenako mnzake kapena inu mubweze yankholo m'chinenero cha phunzirolo. Ine ndimaona kuti kuletsa chinenero cha kwawo panthawi imeneyi n'kudzitsekera khomo wekha, chifukwa zimene mwana amadziwa zokhudza nyanja, munda kapena msika anazisunga m'chinenero chimene anaziphunziriramo. Sankhani mawu atsopano atatu kapena anayi okha, amene popanda iwo nkhani singamveke, muwatanthauzire ndi chitsanzo kapena chinthu chogwirika. Mawu ena achilendo asiyeni dala, kuti ana adzaphunzirirepo kupeza tanthauzo kuchokera ku mawu oyandikana nawo.

Chachinayi, ganizani mokweza pamaso pa ana

Apa ndiye pali mtima wa ntchito yonse, ndipo ndi gawo limene aphunzitsi ambiri timalidumpha chifukwa limachititsa manyazi poyamba. Muyenera kuwerenga nkhani mokweza, n'kumaima pamalo amene munasankhiratu, n'kumalankhula zimene zikubwera m'mutu mwanu ngati munthu amene akulankhula yekha panjira. Tiyerekeze kuti pabolodi pali ndime iyi, imene mungailembe nokha kapena kulemba ina yofanana nayo (sakaramento ndi dzina la kabaza wa njinga kuno ku Mzuzu):

"Mnyamata wa sakaramento uja anadzuka kusanache, napeza chifunga chitakuta mtunda wonse. Anapukuta chishalo cha njinga ndi mkono wa juzi, kenako anasuzumira m'chitini chimene chinali pansi pa bedi, nachitsekanso msanga. Mlongo wake anali atavala kale yunifolomu, koma anangokhala pakhonde osanyamula chikwama. 'Udikire mpaka madzulo,' anatero iye, nakwera njinga kulowera kumsika."

Mukawerenga chiganizo choyamba, imani n'kunena kuti, "Chifunga ndi juzi zikundikumbutsa m'mawa wa mwezi wa Juni kuno kwathu, ndiye ndikuona m'maganizo mwanga munthu akunjenjemera ndi chisanu. Wadzuka kusanache, ndiye kuti pali chimene chikumuthamangitsa." Mukafika pa chitini, imaninso: "Pano ndasokonezeka pang'ono. Wolemba sanandiuze chimene chili m'chitinimo. Koma munthu amabisa chiyani m'chitini pansi pa bedi? Ndikuganiza kuti ndi ndalama. Nanga n'chifukwa chiyani watseka msanga? Mwina zimene waonamo sizinamusangalatse. Ndiwerenge ndione ngati ndalondola." Pa chiganizo cha mlongo uja, dabwani poyera kuti mwana wovala yunifolomu akukhaliranji pakhonde, ndipo mukafika pa mawu akuti "anatero iye", funsani nokha kuti "iye" ameneyu ndani, mnyamata kapena mlongo wake, kenako muonetse kuti mwadziwa poona amene wakwera njinga. Pomaliza gwirizanitsani zonse: m'chitini mulibe ndalama zokwanira, mtsikanayo pali china chimene akufunika kulipira kapena kugula kuti apite kusukulu, ndipo mchimwene wake akupita kukazisaka. Palibe mzere ndi umodzi womwe umene wanena zimenezi, koma zonse zili m'nkhanimo.

Ana akaona aphunzitsi awo akusokonezeka, akubwerera m'mbuyo, akulosera n'kulakwitsa kenako n'kukonza, amazindikira kwa nthawi yoyamba kuti wowerenga wabwino nayenso amakakamira panjira, kungoti amadziwa chochita. Nthawi zina losereni molakwa mwadala, kuti aone mmene munthu amasinthira maganizo nkhani ikamutsutsa. Konzekerani zonena zanu usiku wake ndipo muike kadontho ka pensulo pamalo atatu kapena anayi oimapo, chifukwa mukaima pa chiganizo chilichonse nkhani imaduka msana ndipo ana amatopa.

Tsiku lotsatira tengani ndime ina, koma ulendo uno mukaima, afunseni anawo kuti anene zimene zili m'mitu mwawo, inu mukungowathandiza. Tsiku lachitatu achite awiriawiri, ndipo pambuyo pake aliyense payekha. Kachitidwe kameneka, kosiyira ana udindo pang'onopang'ono, anakafotokoza David Pearson ndi Margaret Gallagher m'chaka cha 1983, ndipo ndi komwe kaja aphunzitsi a makalasi aang'ono amakadziwa kale: ayambe mphunzitsi, achite mphunzitsi ndi ophunzira, kenako ophunzira paokha.

Chachisanu, phunzitsani maluso anayi, limodzi pa nthawi

Zimene munachita poganiza mokweza zija zili ndi mayina, ndipo ana ayenera kuwadziwa kuti azitha kuzichita okha. Annemarie Palincsar ndi Ann Brown, m'chaka cha 1984, anayesa njira yophunzitsira ana a msinkhu womwewu maluso anayi: kulosera zimene zikubwera, kudzifunsa mafunso, kuunikira pamene pasokoneza, ndi kufupikitsa zimene wawerenga. Perekani sabata yathunthu ku luso lililonse. Kulosera sikuvuta, bola muziumirira kuti mwana anene chimene chamupangitsa kuganiza choncho, apo ayi kumasanduka kungolota. Kuunikira ndiko kumafuna chipiriro. Phunzitsani ana kuika kachizindikiro ka funso ndi pensulo, kapena kulemba nambala ya mzere m'kope, paliponse pamene tanthauzo lawathawa, kenako ayese njira izi motsatana: kuwerenganso chiganizocho pang'onopang'ono, kupitiriza chiganizo chimodzi kutsogolo, kuyang'ana tsinde la mawu ovutawo, ndipo zonsezi zikakanika ndiye afunse mnzawo. Mwana amene wabweretsa zizindikiro zitatu muyamikireni kuposa amene wanena kuti wamva zonse, chifukwa woyambayo akudziyang'anira yekha pamene akuwerenga.

Pa kuunikira pomwepa, Chichewa chili ndi chuma chimene timachiiwala. Agwirizanitsi amauza wowerenga chimene chikukambidwa ngakhale dzina lisanabwerezedwe. M'mawu akuti "nachitsekanso", kaphatikizo ka "chi" kakuloza ku chitini, sikangaloze ku njinga kapena ku bedi. Auzeni ana ajambule muvi kuchokera pa mgwirizanitsi kapena mlowam'malo kupita ku dzina limene akuliimira. Akazolowera m'Chichewa, achitenso chimodzimodzi ndi timawu ta Chingerezi monga "it", "they" ndi "which", timene timasocheretsa ana ambiri m'mabuku a sayansi chifukwa timawuti sitisonyeza gulu la dzina ngati mmene Chichewa chimachitira.

Maluso onse anayi akadziwika, gawani ana m'magulu a anayianayi, aliyense atenge udindo umodzi: wolosera, wofunsa, wounikira ndi wofupikitsa, ndipo azisinthana pa ndime iliyonse. Ndikuchenjezeni pa zimene zinandionekera ine. Chaka choyamba ndinagawa maudindo onse anayi tsiku limodzi, ana asanaphunzire ndi limodzi lomwe, ndipo chimene chinatsatira ndi phokoso lokhalokha, m'gulu lililonse mwana mmodzi wochenjera akuchita zonse pamene anzake akujambula magalimoto kuseri kwa makope. Ndinabwerera pachiyambi. Lembani maudindowo patimakadi todula ku katoni, kuseri kwake mulembe chiyambi cha chiganizo chimene mwini udindo ayambire, monga "Ndikuganiza kuti kutsogoloku... chifukwa..." kapena "Mawu amene atisokoneza ndi...". M'kalasi yopanda madesiki okwanira, ana awiri a kutsogolo angotembenuka kuyang'anana ndi awiri a kumbuyo kwawo, popanda kusuntha chilichonse.

Chachisanu ndi chimodzi, sinthani kafunsidwe

Mafunso akadali ofunika, koma tsopano akhale chida chophunzitsira. Taffy Raphael, m'zaka za m'ma 1980, anaonetsa ubwino wophunzitsa ana kuti mayankho amachokera malo osiyanasiyana. Pa ndime ya sakaramento ija, funso lakuti "Mnyamatayo anapukuta chishalo ndi chiyani?" yankho lake lili pamzere umodzi, mwana akhoza kuliloza ndi chala. Funso lakuti "Tchulani zinthu zimene anachita asanakwere njinga" limafuna kutolera m'mizere ingapo. Lakuti "N'chifukwa chiyani mtsikanayo sananyamule chikwama?" limafuna kuphatikiza zimene wolemba wanena ndi zimene mwana akudziwa pa moyo, ndipo lakuti "Inu mukanakhala mchimwene wakeyo mukanatani?" yankho lake lili m'mutu mwa mwana yekha. Ana ambiri amene amalephera mafunso a mtundu wachitatu amalephera chifukwa amakhulupirira kuti yankho lililonse liyenera kukopedwa m'nkhani, ndiye amakopera chiganizo chilichonse chimene chili ndi mawu ofanana ndi a m'funso. Asanayankhe, azinena kaye kuti funsolo ndi la mtundu uti.

Yankho lililonse, lolondola kapena lolakwa, lizitsatiridwa ndi funso limodzi ili: "Wadziwa bwanji? Tisonyeze mzere." Apa ndi pamene manambala a mizere aja amathandiza, chifukwa kalasi yonse imayang'ana pamalo amodzi n'kuweruza ngati umboniwo ukugwira. Ndipo mukafunsa, dikirani. Mary Budd Rowe anapeza kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanatchule woyankha kapena kudziyankha okha, koma akadikira masekondi atatu kapena kupitirira, mayankho amatalika ndipo ana ambiri amayesa. Kwa mwana amene akuganiza m'Chitumbuka kuti ayankhe m'Chingerezi, masekondi amenewa ndi ofunika koposa. Funso limodzi lokha ndilo muyenera kulitaya: "Mwamva?" Kaya mufunse choncho kaya munene m'Chitumbuka kuti "Mwapulika?", kalasi idzayankha mogwirizana ngati kwaya kuti "Eee" kapena "Enya", ndipo simudzadziwa kanthu.

Chachisanu ndi chiwiri, kufupikitsa

Luso limeneli ndalipatula chifukwa ndilo limachedwa kukhwima. Mwana mukamuuza kuti afupikitse nkhani, amakopera chiganizo choyamba ndi chomaliza, kapena amafotokoza zonse kuyambira pachiyambi. Pa nkhani yokhala ndi ampangankhani, mupatseni mafunso anayi oti amutsogolere: ndani, ankafuna chiyani, chinamutchinga n'chiyani, ndiye anatani. Mayankho ake akalumikizidwa amapanga chiganizo chimodzi, monga chakuti mnyamata ankafuna kuti mlongo wake apite kusukulu, koma ndalama zinaperewera, choncho analawirira kukanyamula anthu. Ikani malire a mawu, mwachitsanzo 20, ndipo gulu limene lapitirira lichotse lokha mawu osafunika. Mkangano umene umabuka posankha mawu ochotsa ndiwo phunziro lenilenilo, choncho musaufulumire kuuthetsa.

Nkhani zofotokoza zinthu, monga za m'buku la sayansi kapena la ulimi, zimafuna njira ina. Phunzitsani ana kusaka alumikizi, chifukwa ndiwo amasonyeza mmene mfundo zamangidwira: "chifukwa" ndi "choncho" amaonetsa gwero ndi zotsatira, "koma" ndi "komabe" amachenjeza kuti maganizo akutembenuka, ndipo m'Chingerezi "because", "therefore" ndi "however" amagwira ntchito zomwezo. Ndime yokamba za kudula mitengo ku Chikangawa kapena m'mphepete mwa mtsinje wa Lunyangwa, mwachitsanzo, ana akhoza kuisandutsa mabokosi olumikizidwa ndi mivi: mitengo yadulidwa, nthaka yakhala pambalambanda, mvula yakokolola dothi, dothi ladzaza mumtsinje. Amene wajambula mivi molondola wamvetsa ndimeyo, ngakhale Chingerezi chake cholemba chikadali chopunduka. Ngati kalasi mumagawana ndi aphunzitsi ena, gwirizanani kuti mayina a malusowa akhale amodzimodzi m'maphunziro onse, kuti mwana asamaganize kuti kulosera ndi kufupikitsa ndi za phunziro la Chichewa lokha.

Kagawidwe ka nthawi ndi kalondolondo

M'phunziro la mphindi 35, zisanu zipite ku kukonzekera, khumi ku kuonetsa kapena kuchitira limodzi, khumi ndi zisanu ana awerenge chamumtima ndi kukambirana m'magulu, ndipo zisanu zomaliza aliyense alembe chiganizo chimodzi chofupikitsa ndi funso limodzi limene latsala m'mutu mwake. Masiku amene mvula ikuwomba pamalata moti mawu anu sakufika kumbuyo, ndipo kuno masiku otere ndi ambiri, musalimbane nayo, sinthani ndondomeko kuti kuwerenga chamumtima ndi kulemba zikhale poyamba. Simungachonge makope onse tsiku lililonse, choncho tengani a mzere umodzi lero, a mzere wina mawa, ndipo muziyang'ana chinthu chimodzi chokha, ngati chiganizocho chagwira mfundo yaikulu. Zolakwika za kalembedwe zidikire phunziro lake. Ntchito ya kunyumba ikhale yoti mwana akafotokozere agogo, amayi kapena mng'ono wake nkhani ya tsikulo m'chinenero cha pakhomo, ndipo m'mawa anene funso limene womvetserayo anamufunsa.

Pakatha masabata asanu ndi limodzi, bwerezani kuyesa kuja kwa mphindi imodzi ndi ana amene munawaika chizindikiro, pogwiritsa ntchito ndime imene sanaionepo, ndipo amene akadali kulimbana ndi zilembo muwapezere nthawi yapadera yowerenga ndime zofewa. A Sitandade 8, amene akudikira mayeso a PSLCE ochokera ku MANEB, ayambe kukumana ndi mapepala a zaka zam'mbuyo pokhapokha malusowa atakhazikika, ndipo pepala loyamba mulichite nawo limodzi pabolodi osapereka malikisi: awerenge nkhani yonse kamodzi, awerenge mafunso, alembe pambali pa funso lililonse mtundu wake, kenako abwerere m'nkhani ndi pensulo kukadula mzere pansi pa umboni asanalembe yankho.